Khadi m'thumba, dzino m'kamwa

Mwezi wa Juni kwa Nthache mphepo imalawira kuposa tambala. Imatsika m'mapiri a kumalire ndi Mozambique, n'kulowa m'malaya ndi m'makutu, ndipo kwa munthu wa dzino lobooka imafika mpaka pa mtsempha. M'mawa umenewo ndinali pasiteji, pomwe kamsewu kafumbi kamakumana ndi tala, kudikira Sienta ya ku Blantyre kuti idzaze. Munali anthu atatu okha. Woitanira anali atasasa kale mawu. Mathiraki ankadutsa mwa apo ndi apo kuchokera kuchipata, ndipo m'mbali monse munali mbuu manachesi, ena m'milu, ena m'madengu, ena m'matumba osokedwa kukamwa.

Bwerani muime pafupi ndi ine apa, kuseri kwa ambulera ya mtsikana wa Mpamba, chifukwa pabenchi la tiyirumu pali nkhani.

Pakhala bambo wa zaka za m'ma 40, jekete yabwino, nsapato zopolisha, chitupa cha kuntchito chili lende pakhosi. Ndi kalaliki pa kampani ina yolembera a mathiraki zikalata za kasitomu. Patsogolo pawo pali kapu ya tiyi ndi sikono yosaluma. Dzanja lamanzere lagwira tsaya, ndipo tsayalo latupa ngati abisamo ndimu. Sakuyankhula. Akungogwedeza mwendo, kenako n'kutseka maso, kenako n'kupumira m'mphuno.

Amene anayamba ndi amayi a manachesi, mayi wonenepa bwino wa duku lofiira, amene maso awo saphonya kanthu pasiteji yonse.

"Achimwene, tiyi akuzizira uyo."

Bambo aja anangoloza tsaya.

"Dzino?"

"Mmm."

"La chitsakano?"

"Mmm."

"Nanga mukudikiranji? Kwerani kabaza mupite pa boma akalizule. Si zaulere kodi?"

Apa bambo aja anachotsa dzanja patsaya pang'onopang'ono, monga munthu wotsitsa mtsuko wodzaza. Anayankhula ndi mbali imodzi ya kamwa. "Si lozula ili mayi. Ndi lomata. Adokotala a ku Blantyre analiona mwezi watha, akuti likhoza kupulumuka."

"Ndiye osamata bwanji?"

M'malo moyankha anapisa m'thumba la kumbuyo, natulutsa waleti, nasolola khadi la pulasitiki. Analigwira m'mphepete ndi zala ziwiri kuti tonse tilione: chithunzi chawo ali wonenepa masaya onse awiri mofanana, nambala yaitali, ndi chizindikiro cha bungwe la sikimu ya zachipatala. Mabungwe otere alipo angapo m'dziko muno, ndipo lodziwika kwambiri ndi MASM, moti anthu ambiri khadi lililonse lachipatala amangolitchula dzina limenelo. La bambowa linali la bungwe lina, ndipo dzina lake ndilisiya pabenchi pomwepo.

"Mwezi ndi mwezi amadula pa malipiro anga," anatero. "Zaka 6. Sindinadwalepo zogonekedwa. Tsopano ndafuna kumata dzino limodzi, pa resepishoni akuti pepani bwana, khadi ili tayamba taliimika. Akuti sikimu yanu sinatilipire makleimu a miyezi ingapo. Mukafuna, lipirani kashi, tikupatsani lisiti, mukaitanitse nokha."

Mnyamata wa kabaza amene anakhala chammbali panjinga yake, chipewa cha mpira chili chotembenuza, anaseka mpaka kugunda thanki. "Ndiye bigi, khadi limenelo ndi la chani? Bola mungondibwereka ine, mwina kwa ine ligwira. Langa likundivutanso ili." Anakoka mlomo ndi chala kutionetsa dzino lakuda kumunsi.

"Iwe, usaseke," anamudzudzula amayi a manachesi. "Dzino silidziwa tayi."

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya sikimu ikufuna chiyani kwa Nthache, kumene anthu ambiri ndalama amaziona nyengo ya manachesi, ya nandolo kapena geni ya pamalire ikayenda. N'zoona, mwa anthu pafupifupi 131,000 amene kalembera wa 2018 anapeza m'boma la Mwanza, okhala ndi khadi lotere ndi ochepa: a kasitomu, a kubanki, a mabungwe, akalaliki ngati awa. Koma nditayang'ana bwino tsaya lija ndinaona kuti nkhaniyi ndi yathu tonse. M'zipatala za boma za m'maboma thandizo la mano ndi laulere, ndipo amene amatithandiza kawirikawiri ndi madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences. Anthuwa amagwira ntchito yotamandika, koma mzere umakhala wautali, zipangizo zomatira sizipezeka nthawi zonse, ndipo odwala ambiri timafika dzino litaola kale. Mapeto ake ndi kuzula. Amene akufuna kuti dzino lake likhalebe m'kamwa nthawi zambiri amayenera kupita kolipira, ndipo zipatala zolipirazo zimadalira kwambiri anthu a makhadi. Ndalama ya sikimu ikachedwa, chipatala chimakweza mtengo kwa wa kashi kapena chimatseka khomo kwa wa khadi. Wa kabaza ndi kalaliki amakakumananso pa mzere umodzi wozulitsa.

Ndili m'malingaliro amenewa, mawu anatuluka m'Sienta muja. Pampando wakutsogolo panakhala mayi wina wamagalasi, chikwama chachikopa chili pamiyendo, fulasiki ili pambali. Anatsitsa galasi la galimoto mpaka pansi.

"Bambo, ndimve nawo. Anakuuzani kuti kleimu yanu yakanidwa, kapena kuti sikimu ili ndi ngongole?"

"Ngongole, mayi."

"Ndiye musawakwiyire a pa resepishoni. Ine ndakhalapo pampando umenewo zaka 7, pa chipatala china cha mano mu Blantyre momwemo. Kubweza munthu tsaya lili chotupa si chinthu chokoma ayi."

Siteji yonse inatembenuka. Ngakhale woitanira anasiya kukuwa, natsamira chitseko. Mayi aja anatsika, nakonza chitenje, n'kuyamba kufotokoza akuwerenga ndi zala, ndipo ine ndinasendera pafupi kuti ndisaphonye kanthu.

Anati wodwala akasaina fomu n'kutuluka, iye amaona ngati zatha, pomwe kwa chipatala ulendo wangoyamba kumene. Pafomupo amalemba nambala ya membala, nambala ya dzino, chifukwa dzino lililonse m'kamwa lili ndi nambala yake, ndi nambala ya ntchito imene yagwiridwa: kuzula ili ndi yake, kumata ili ndi yake, kutsuka ili ndi yake. Fomuyo ndiyo kleimu. Ikafika ku sikimu, iwo salipira mtengo wa chipatala koma mtengo wa pa mndandanda wawo. Chotsalacho ndi chimene aliyense wa khadi amachidziwa ndi dzina loti shortfall, ndipo chimatuluka m'thumba la wodwala. Ntchito zikuluzikulu, monga kuchotsa mtsempha wa dzino kapena kuika mano oikirira, zimafuna chilolezo kaye, dokotala asanagwire chitsulo. Komanso membala aliyense ali ndi malire a ndalama za mano pa chaka; akadutsa, basi, adikire chaka chamawa.

"Ndiye nambala imodzi ingolakwika," anatero akutambasula manja, "fomu ija ibwerera. Mwina pakutha pa miyezi iwiri. Mukonze, mutumizenso, muyambirenso kudikira. Uku amene amatigulitsa mankhwala a dzanzi, zomatira, singano, magolovesi, safuna kumva za kleimu. Zinthu zimenezo zimachokera kunja, amagula ndi madola. Iye amafuna yake lero."

Anaima pang'ono, nayang'ana amayi a manachesi. "Mayi, inu mungapereke dengu lonseli kwa munthu woti adzakulipirani mu Okutobala, pa mtengo umene iye yekha wasankha?"

"Ine? Aaa, ngakhale mlamu wanga!" Anakoka dengu lija kuliyandikitsa kumiyendo kwawo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Tonse tinaseka, kupatula kalaliki, amene kuseka kukanamupweteka.

Mayi wamagalasi anatchula mwezi umene aliyense wochita geni m'dziko muno amaukumbukira: Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Tangoganizani dokotala amene anamata mano mu Seputembala ndi zipangizo zogula pa mtengo wakale, kleimu yake n'kudzalipidwa chaka chitatembenuka. Ndalama imene walandira ndi yomwe ija pa pepala, koma botolo limene akufuna kugula lakwera kale. Pamenepa m'pamene ndinamvetsa kuti kuchedwa kulipira si nkhani ya ulesi wa mu ofesi chabe. M'dziko limene ndalama imasungunuka ngati mchere pamvula, kuchedwa n'kudula mtengo mwakachetechete. Ndipo dokotala akapsa kawiri katatu, amaphunzira kukonda ntchito yachangu, yotsika mtengo, yosafuna chilolezo. Ntchito imeneyo ndi kuzula.

Koma mayiyu sanali wa mbali imodzi, ndipo n'chimene ndinamukondera. Analoza mnyamata wa kabaza uja ndi chala.

"Nawenso iwe, zobwereka khadi zija usamazinene moseka. Zimachitika. Munthu abwera ndi khadi la mkulu wake, chithunzi chofanana pang'ono, ife n'kulemba. Zipatala zinanso zimalemba kuti zamata mano atatu pomwe zamata limodzi. Mabwana enanso amadula ndalama pa malipiro a antchito koma osatumiza ku sikimu pa nthawi yake, khadi n'kutsekedwa mwini wake osadziwa. Ndiye a sikimu akamafufuza fomu iliyonse ngati apolisi a pa Zalewa, ali ndi chifukwa. Vuto n'loti pofuna kugwira wakuba mmodzi, amaimika basi yonse."

Mnyamata uja anakanda kumutu. "Ine ndimangocheza, mami."

Pa mpando wa njerwa pafupi ndi khomo la tiyirumu panali agogo ena aamuna, chikhoti chachitali, ndodo ili pakati pa miyendo. Nthawi yonseyi ankanyika sikono mu tiyi mpaka ifewe, n'kumaimeza osatafuna. Anakweza mutu.

"Ana inu mukuvutika ndi mapepala. Ife kale likavuta, unkangotsuka ndi madzi amchere, likakana unkapita kwa mkulu wina kuseri kwa phiri, anali ndi chopanira chake." Anatsegula kukamwa kutionetsa usinini wokhawokha, mano awiri ali patalipatali ngati zitsa m'munda wolimidwa. Kenako nkhope inasintha. "Koma ndikuuzeni. Chimanga chootcha ndinasiya. Mzimbe ndimangouona. Nyama ya mbuzi pa ukwati wa mdzukulu wanga ndinangomwa msuzi. Mwana wanga, ngati akuti limatidwa, kamatitse. Usamvere za ulere."

Pasiteji panakhala bata pang'ono. Amayi a manachesi anayang'ana pansi, akusenda nachesi ndi chala chachikulu. Wa kabaza anatseka pakamwa pake, lilime likuoneka kuti likufufuza dzino lakuda lija. Wina kumbuyo ananena za asidi wa batire, kuti mnzake anadonthezera pa dzino ululu n'kutha, koma mayi wamagalasi anamudula msanga: "Ameneyo anawotcha nkhama, osati kuchiza. Musadzayerekeze."

Ine mawu a agogowa anandikhudza kuposa masamu onse a kleimu. Timalankhula za dzino ngati kanthu kakang'ono, koti likavuta n'kungotaya, poti alipo 32. Koma munthu amakalamba ndi mano amene anawasunga ali ndi zaka 40. Dziko lathu lakhala nthawi yaitali lili ndi madokotala a mano ochepa zedi: pomwe sukulu yoyamba yophunzitsa madokotalawa inkatsegulidwa mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Achinyamata amene akutuluka m'sukuluyi tsiku lina adzafuna kutsegula zipatala zawo, ndipo ndimalakalaka mmodzi atadzatsegula pa Mwanza pompano, kuti kalaliki asamayende makilomita pafupifupi 100 chifukwa cha dzino limodzi. Koma adzabwera bwanji ngati anthu ochepa a makhadi amene akanamuthandiza kulipira lendi ali ndi makhadi olipira mochedwa?

Apa n'kuti dalaivala wina wa thiraki ataima kugula manachesi a paulendo. Wamtali, jombo zachikasu, Chichewa chake chosakaniza ndi mawu a ku Joni. Anamvetsera akusankha zipatso, akuzifinya pang'ono chimodzichimodzi, kenako analowerera.

"Madala, ku Joni zimenezi zili ndi lamulo. Bwana wanga wakale kumeneko anatiika pa medical aid. Kleimu ikafika, masiku 30, alipire. Akapanda kutero pali kokadandaula."

"Masiku 30 enieni?" anafunsa mayi wamagalasi, maso ali tong'o pamwamba pa magalasi.

"Enieni. Sindikuti kulibe mavuto, anthu amalira ndithu ndi ma shortfall. Koma tsiku lilipo lolembedwa."

Dalaivalayu sananame. Ku South Africa lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limalamula sikimu kulipira membala kapena dokotala pasanathe masiku 30 chilandirireni kleimu, ndipo kuli bungwe la Council for Medical Schemes loyang'anira masikimu ndi kumva madandaulo. Kuno kwathu dokotala amayang'aniridwa ndi Medical Council of Malawi, ndipo makampani a inshuwalansi ndi a penshoni ali pansi pa Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa Reserve Bank, malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010. Koma pasiteji paja, mwa anthu oposa khumi amene tinazungulira benchi lija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanamuuza kalaliki khomo loti akagogode pa nkhani ya pakati pa sikimu ndi chipatala. Mwini khadi, amene ndalama yake ndiyo ikukanganiridwa, ndi amene amauzidwa pomalizira, ndipo amauzidwa ataima pa kauntala, dzanja lili patsaya. Ine ndikanakonda tsiku lolipira likanakhala lolembedwa poyera, lodziwika kwa membala monga limadziwikira tsiku lodula malipiro ake. Ndikanakondanso kuti kleimu ikakanidwa chifukwa chake chizilembedwa msanga, ndipo sikimu ikasemphana ndi chipatala, membala azimva uthenga pafoni asanakwere galimoto.

Kalaliki anali atatulutsa foni. Anaimbira mng'ono wake wa ku Lilongwe, akuyankhula motsitsa, nkhope atatembenuzira kukhoma. Tinangomva zidutswa: "Ayi, ndidzabweza pa 27... ndi lisiti, akuti adzandibwezera... ayi sindikudziwa liti... chonde aise." Anadula. Patapita mphindi zochepa foni inalira kamodzi. Anaimirira, napita pa ambulera paja.

Mtsikana wa Mpamba, amene nthawi yonseyi ankaoneka ngati akungosewera ndi foni koma khutu lili kwa ife, anayang'ana uthenga uja. "Ankolo, sanaike yotapira. Ikhala yoperewera pang'ono."

Bambo aja anatseka maso. Mtsikanayo anawerenga ndalama kawiri, akunyowetsa chala, nalemba m'kabuku kake, nawapatsa cholembera kuti asaine. Kandalama kotapira n'kochepa, koma aliyense wolandira ndalama pafoni amakadziwa kuwawa kwake, ndipo si kuno kokha. Ku United States madokotala a mano akhala akudandaula kuti makampani ena a inshuwalansi amawalipira kudzera pa makhadi a pa intaneti amene amadula kandalama pa malipiro aliwonse, mpaka zigawo zingapo za dzikolo zinakhazikitsa malamulo oti dokotala azipatsidwa mwayi wosankha njira ina yolandirira. Kumeneko akukangana za njira imene ndalama ifikire. Pa benchi lathu funso linali loti ifika liti.

"Ndiye mwaganiza bwanji achimwene?" anafunsa amayi a manachesi. "Pa boma kapena ku Blantyre?"

Wa kabaza anali ataliza kale injini, akuyembekeza. Woitanira naye anali atagwira chitseko cha Sienta, maso ali pa jekete lija. Kalaliki anayang'ana ndalama zili m'manja, nayang'ana njinga, nayang'ana agogo aja amene anali atabwerera ku sikono yawo yonyika. Anapinda ndalamazo pamodzi ndi khadi lija, naziika m'thumba la m'kati.

"Blantyre."

"Mmodzi watsala, mmodzi watsala, tiyeni!" anakuwa woitanira, ngakhale tinali titakwana kale. Wa kabaza anazimitsa injini osakwiya. "Bigi, mukafunse mtengo wake wa kumatako, mudzandiuze. Mwina nane ndisunge."

Mayi wamagalasi anasiya mpando wakutsogolo, nati bambowa akhale kumeneko kuti mabampu asawavutitse. Anawalangizanso akukwera: lisiti likhale ndi chidindo, nambala ya dzino ilembedwe, ajambule ndi foni asanapereke kulikonse, ndipo alembe tsiku limene apereka ndi dzina la amene walandira. Ife tinapanikizana anayi kumbuyo, ine phewa lili pagalasi.

Galimoto isananyamuke, amayi a manachesi anabwera pawindo ndi zipatso ziwiri zazikulu, zakhungu lofewa. Anaziponya pamiyendo pa kalaliki.

"Sindingathe mayi, zikundinyerenyetsa."

"Ndani wati mudye pano? Mukadye akamata. Mbali yomweyo."

Dalaivala anakweza magalasi onse kuti mphepo isalowe, ngakhale mkati munali kale fungo la makoko a manachesi ndi petulo. Potsetsereka kulowera ku Shire bambo aja anali atagona, mutu uli pa lamba, dzanja limodzi patsaya, lina litafumbata manachesi aja. Pa Zalewa wapolisi anasuzumira, nayang'ana tsaya lija, natikodola kuti tidutse.